Kapinga sadziwa dzina: mmene Wimbledon idagwetsera akuluakulu

Pa 7 Juni 2025, Coco Gauff wa ku America adanyamula chikho cha French Open mumzinda wa Paris atagonjetsa Aryna Sabalenka, yemwe adali nambala wani padziko lonse. Patangodutsa masiku 24, Gauff yemweyo adali akulongedza maraketi ku London atatuluka mumpikisano wa Wimbledon pandime yoyamba. Adamuthambitsa ndi Dayana Yastremska wa ku Ukraine, mtsikana wa pa nambala 42, ndipo zidatha 7-6, 6-1. Amene adangoona zotsatirazo pafoni m'mawa mwake ayenera kuti adayamba apukuta m'maso.

Gauff sadagwe yekha. Tsiku lomwelo, pa 1 Julayi, Jessica Pegula, wachitatu pamndandanda, adaphikidwa 6-2, 6-3 ndi Elisabetta Cocciaretto wa ku Italy m'mphindi 58 zokha. Cocciaretto adali pa nambala 116. Chozunguza mutu n'chakuti masiku atatu m'mbuyo mwake Pegula adali atangotenga chikho cha pakapinga ku Bad Homburg, m'dziko la Germany, atagonjetsa Iga Swiatek mufainolo. Zheng Qinwen wa ku China, mwini mendulo yagolide ya Olympics ya 2024, naye adatsanzika tsiku lomwelo.

Kwa abambo, Alexander Zverev, wachitatu padziko, adalimbana ndi Arthur Rinderknech wa ku France masiku awiri, chifukwa lamulo la kumeneko silola kusewera ikadutsa 11 koloko usiku, ndipo pamapeto pake adagonja m'maseti asanu. Daniil Medvedev adagwa kwa Benjamin Bonzi. Lorenzo Musetti adagwa kwa Nikoloz Basilashvili, munthu amene adachita kulowera m'masewero achipulula. Holger Rune adatsogola ndi maseti awiri koma Nicolas Jarry wa ku Chile adamubwerera n'kumutulutsa.

Kwa amene simutsatira kwambiri tenisi, nkhani yake ili motere. Mumpikisano waukulu ngati uwu mumalowa abambo 128 ndi amayi 128. Mbali iliyonse, osewera 32 apamwamba amapatsidwa manambala, ndiwo amawatchula kuti ma seed, ndipo amawamwaza pamndandanda kuti asakumane okhaokha koyambirira. Cholinga chake n'chakuti akuluakulu ayambe ndi nyama zofewa, adzagundane kumapeto. Koma ndime yoyamba ikutha chaka chimenechi, ma seed 23 mwa 64 adali atapita kwawo, abambo 13 ndi amayi 10. Asanu ndi atatu mwa iwo adali a m'gulu la khumi apamwamba, anayi uku anayi uku. Mwa amayi asanu oyambirira, Sabalenka yekha ndiye adafika ndime yachitatu.

Anthu adati ndi zodabwitsa. Ine ndimaona kuti mawu amenewa timawagwiritsa ntchito mopupuluma. Ukaunika bwino, kugwa kulikonse kudali ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo zimabwera chaka ndi chaka, kungoti mu 2025 zidabwera pamodzi.

Nambala imakamba za dzulo

Nambala ya wosewera imachokera pa mapointi amene wasonkhanitsa m'masabata 52 apitawo. Wopambana mpikisano wa Grand Slam amakolola mapointi 2,000, wogonja pandime yoyamba amatola 10. Tsono mipikisano yambiri pachaka imachitikira pamabwalo olimba ngati simenti, ina padothi lofiira, ndipo ya pakapinga ndi yochepa zedi. Ndiye munthu akhoza kukhala wachitatu padziko chifukwa cha ntchito imene adagwira ku Melbourne, ku Madrid ndi ku Paris, koma pakapinga ali wamba. Zverev ndi chitsanzo chabwino. Wafikapo mufainolo ya US Open, ya French Open ndi ya Australian Open, koma pofika 2025 adali asadadutseko ndime yachinayi ku Wimbledon. Gauff nayenso chimodzimodzi, ndime yachinayi ndiyo idali malire ake, ngakhale kuti n'komweko komwe dziko lidamudziwira mu 2019 pomwe adagonjetsa Venus Williams ali ndi zaka 15.

Kale ku Wimbledon ankakonza mndandanda wa abambo poganiziranso mmene munthu wachitira pakapinga. Kuyambira mu 2021 adazisiya, amangotsata nambala za dziko. Ndiye nambala imene mumaiona pambali pa dzina pafoni yanu ija ikukuuzani za chaka chonse. Za bwalo la lero ilibe nazo mawu. Tsabola wakale sawawa.

Kapinga ali ndi khalidwe lake

French Open ya 2025 idatha pa 8 Juni, Wimbledon idayamba pa 30 Juni. Masabata atatu basi, oti munthu asinthe mmene amathamangira, mmene amaimira ndi mmene amamenyera mpira. Chaka cha 2015 chisadafike adali masabata awiri okha.

Padothi la ku Paris mpira umanjanja m'mwamba ndipo umachedwa. Wosewera amakhala ndi mpata woima patali, kukoka dzanja bwinobwino, n'kumenya. Amathanso kutsetsereka dala kuti aufikire mpira. Pakapinga wa ku Wimbledon, yemwe amamumweta kutsala mamilimita 8, mpira umabwera chotsika ndipo umathamanga. Uyenera kupinda mawondo tsiku lonse, kuponda timasitepe tifupitifupi, ndipo ukati utsetsereke ngati uli ku Paris ugwa chagada. Masiku oyambirira kapingayo amakhala adakali wobiriwira ndi woterera. Pofika sabata yachiwiri kumbuyo kwa bwalo kumakhala kutaperepeseka, dothi likuoneka, ndipo mapazi amagwira bwino. N'chifukwa chake katswiri amene wapulumuka masiku anayi oyamba amavuta kumugwetsa pambuyo pake. Misampha ili koyambirira.

Taonani za Gauff. Atapambana ku Paris adasewera kamodzi kokha pakapinga, ku Berlin, ndipo adagonja. Yastremska nthawi yomweyo adali akusewera pakapinga ku England mpaka adafika mufainolo ku Nottingham. Tsiku lokumana, wina adabwera ndi chikho chachikulu m'kabati, mnzake adabwera ndi mapazi ozolowera. Yastremska amamenya mpira mosabisa, molunjika ndi mwamphamvu, ndipo kapinga amakonda anthu otero. Gauff adaphonya sevu kawiri motsatizana maulendo asanu ndi anayi, kutanthauza mapointi asanu ndi anayi opereka ulere.

Izi sizidayambe ndi ana a lero. Rafael Nadal, amene adatenga chikho cha Wimbledon mu 2008 ndi 2010, adatulutsidwa zaka zinayi zotsatizana ndi anthu a pa nambala 100 kapena kutsikirapo: Lukas Rosol mu 2012, Steve Darcis mu 2013, Nick Kyrgios mu 2014 ndi Dustin Brown mu 2015. Roger Federer, mwini zikho zisanu ndi zitatu za Wimbledon, adagwa pandime yachiwiri mu 2013 kwa Sergiy Stakhovsky wa pa nambala 116. Mu 2001 Goran Ivanisevic adali pa nambala 125, adangolowa mumpikisano moitanidwa, koma chikho adanyamula ndi iyeyo.

Onjezanipo nyengo. Tsiku lotsegulira mu 2025 kudatentha kupyola madigiri 32, ndipo silidachitikepo tsiku lotsegulira Wimbledon lotentha chomwecho. Abale athu a ku Nsanje akhoza kuseka, koma kuthamanga maola anayi padzuwa lotero si masewera. Carlos Alcaraz, yemwe ankateteza chikho, adatuluka thukuta maola anayi ndi theka kuti agonjetse Fabio Fognini, bambo wa zaka 38 amene patangopita masiku ochepa adalengeza kuti wapuma.

Masamu a tenisi ndi ankhanza

Pali chinthu china chimene okonda mpira wamiyendo sachizindikira msanga. Mu tenisi mapointi salemera mofanana. Uyenera kupeza mapointi anayi kuti utenge gemu, magemu asanu ndi limodzi kuti utenge seti, ndipo maseti ndiwo amawerengedwa. Magemu akafika 6-6 pamakhala tie-break, pomwe timapointi tiwiri tokha timatha kugamula ntchito ya ola lathunthu. Pakapinga, pomwe sevu yamphamvu imavuta kubweza, ma tie-break amachuluka. Zverev ndi Rinderknech adasewera atatu m'maseti awo asanu.

Federer, polankhula kwa ophunzira a ku Dartmouth mu 2024, adaulula kuti ngakhale adapambana pafupifupi masewero 80 pa 100 aliwonse m'moyo wake, mapointi amene adapambana adali 54 okha pa 100. Taganizani. Munthu amene ambiri amamutenga ngati mfumu ya masewerowa ankaluza pafupifupi theka la mapointi. Mufainolo ya Wimbledon ya 2019 iye adapeza mapointi 218, Novak Djokovic 204, ndipo kawiri konse adatsala ndi pointi imodzi kuti amalize. Chikho chidapita kwa Djokovic.

Ndiye ngati kusiyana kwa mfumu ndi anthu ake kuli kochepa chonchi, kuli bwanji pakati pa nambala 3 ndi nambala 72? Munthu wa pa nambala 72 padziko lonse lapansi si wophunzira ayi. Ndi katswiri amene wakhala ndi raketi m'manja kuyambira ali mwana. Chimene chimamusiyanitsa ndi wapamwamba n'chakuti wapamwambayo amasewera bwino sabata ndi sabata, pomwe iye amawala apo ndi apo. Koma mpikisano wa chipulula sufunsa za sabata yatha. Ukufuna masana amodzi okha.

Amayi amasewera wopambana maseti awiri mwa atatu, abambo atatu mwa asanu. Masewero akafupika, katswiri amene wayamba mozizira alibe nthawi yodzuka. Pegula adangoti akuphethira, ola lisadakwane zonse zatha. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene chikho cha amayi chimasinthira manja. Chitengereni Serena Williams mu 2016, aliyense wopambana mpaka 2025 adali watsopano pa Wimbledon: Muguruza, Kerber, Halep, Barty, Rybakina, Vondrousova, Krejcikova, kenako Swiatek. Vondrousova mu 2023 sadali ngakhale seed.

Mutu nawo umasewera

Wamng'ono akalowa m'bwalo lalikulu alibe choluza. Mu 2025, akagonja pandime yoyamba ankalandirabe mapaundi 66,000, ndalama imene kwa wosewera wa kumunsi imalipira mphunzitsi, ndege ndi malo ogona kwa miyezi. Akapambana ndiye dzina lamveka. Wamkulu amalowa atasenza dziko lake, makampani amene amamulipira ndi mafunso a atolankhani. Dzanja limalemera.

Zverev atagonja adalankhula zimene osewera sakonda kulankhula pagulu. Adauza atolankhani kuti akudzimva kukhala yekhayekha, m'bwalo ndi kunja komwe, kuti chimwemwe chamuthawa, ndipo mwina afunika thandizo la akatswiri a maganizo. Uyu ndi mnyamata wa ndalama zake, wotchuka dziko lonse. Pafoni timangoona 7-6, 6-7, 6-3, 6-7, 6-4, osadziwa kuti munthuyo wagona bwanji usiku wathawo.

Ons Jabeur wa ku Tunisia, amene ambiri kuno ku Africa tidamuchemerera pomwe adafika mufainolo mu 2022 ndi 2023, adalephera kumaliza masewero ake oyamba tsiku lotentha lija, ndipo pasadapite nthawi adalengeza kuti ayamba wapuma kaye. Thupi ndi mtima zikakana, mbiri siithandiza.

Palinso akale amene anthu adawaiwala. Marin Cilic, wa zaka 36, atachitidwa maopaleshoni awiri a bondo, adatulutsa Jack Draper, chiyembekezo cha eni nthaka, pandime yachiwiri. Amene adadabwa adaiwala kuti Cilic adatenga US Open mu 2014 ndipo adafika mufainolo ya Wimbledon mu 2017. Laura Siegemund wa ku Germany, wa zaka 37, adagwetsa Madison Keys, yemwe adali atatenga Australian Open mu Januwale, n'kufika mpaka makotafainolo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Linda madzi apite

Masewero amene adandikhudza kwambiri ine adali a ndime yachinayi, pakati pa Jannik Sinner, nambala wani, ndi Grigor Dimitrov wa ku Bulgaria. Sinner adaterereka mugemu yoyamba n'kupweteka chigongono. Dimitrov, wa zaka 34, adasewera ngati mnyamata, adatenga seti yoyamba 6-3, yachiwiri 7-5. Kugwa kwakukulu kwa mpikisano wonse kudali pakhomo. Ali 2-2 museti yachitatu, Dimitrov adamenya sevu, n'kukhala pansi atagwira pachifuwa. Mnofu udali utang'ambika. Adatuluka akulira, Sinner akumuthandiza kunyamula zikwama. Aka kadali kachisanu motsatizana Dimitrov kusiyira panjira mpikisano wa Grand Slam chifukwa chovulala.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, pa 13 Julayi, Sinner adagonjetsa Alcaraz 4-6, 6-4, 6-4, 6-4 n'kukhala munthu woyamba wa ku Italy kutenga chikhochi, pamodzi ndi mapaundi 3 miliyoni. Masabata asanu m'mbuyo mwake, ku Paris, iyeyo ndi amene adataya mipata itatu yomalizira fainolo kwa Alcaraz yemweyo, m'masewero a maola asanu ndi mphindi 29. Mabuku adzalemba kuti Sinner adali katswiri wa Wimbledon 2025, ndipo n'zoona, adayenera. Koma amene tidatsatira tikudziwa kuti panjira padali mnofu wa munthu wina.

Onaninso ichi. Phokoso lonse lija la sabata yoyamba litatha, mu semifainolo ya abambo mudatsala Sinner, Alcaraz, Djokovic ndi Taylor Fritz, ma seed a nambala 1, 2, 6 ndi 5. Chimphepo chidagwetsa mitengo yambiri koma mibawa iwiri ya pamwamba idaima. Kusiyana kwenikweni mu tenisi ya abambo chaka chimenecho kudali pakati pa anyamata awiriwa ndi ena onse, osati pakati pa nambala 7 ndi nambala 70.

Tsono za matikiti

Ndikudziwa kuti ena mwa inu tenisi mudaidziwira pa mapulogalamu obetchera. Simudagwirepo raketi, koma dzina la Sabalenka mumalitchula bwino kuposa la mfumu ya kumudzi kwanu. Nzeru imene imayenda m'magulu a WhatsApp ndi yakuti tenisi ndi yophweka, mulibe kulepherana, ungosankha akuluakulu khumi pandime yoyamba, uwamange patikiti imodzi, basi ya bandulo yapezeka.

Tiyeni tiwerengere limodzi, aise. Tiyerekeze kuti aliyense mwa akuluakulu khumiwo ali ndi mwayi 9 pa 10 wopambana, womwe ndi mwayi waukulu kwabasi. Kuti onse khumi apambane tsiku limodzi, uchulukitse 0.9 kakhumi, ndipo yankho lake ndi pafupifupi 35 pa 100. Kutanthauza kuti matikiti awiri mwa atatu otere amafa, ngakhale aliyense amene wamusankha ali woyeneradi kupambana. Tsono ku Wimbledon ya 2025 ma seed opitirira mmodzi mwa atatu aliwonse adagwa pandime yoyamba. Tikiti imene idali ndi Gauff, Pegula ndi Zverev inkaoneka yotetezeka kuposa ndalama ya kubanki. Kampani yobetchera imadziwa za kapinga, za bondo la wosewera ndi za nyengo kuposa iwe ndi ine, ndipo idawerengera kale phindu lake isadakuonetse manambala.

Ndalama ndi yanu, sindingakulamuleni. Koma pali khalidwe lina limene limandinyansa. Munthu tikiti ikafa, amalowa pa Instagram kukatukwana wosewera. Lipoti limene mabungwe a WTA ndi ITF adatulutsa mu Juni 2025 lidapeza kuti mauthenga 40 pa 100 aliwonse achipongwe amene osewera adalandira mu 2024 adachokera kwa obetcha okwiya. Katie Boulter wa ku Britain, yemwe pa Wimbledon imeneyi adagwetsa Paula Badosa, adaonetsa BBC mauthenga omufunira imfa iye ndi abale ake. Mtsikana waluza masewero amene wawakonzekera moyo wake wonse, akutsegula foni, n'kupeza munthu amene sadamuonepo akumuopseza chifukwa cha ndalama ya bandulo. Wosewerayo sadakutume kubetcha. Chala chidadina ndi chako.

Mphindi 57

Fainolo ya amayi, pa 12 Julayi, idabweretsa chodabwitsa cha mtundu wina. Swiatek, amene anthu ankati ndi mfumukazi ya padothi yosadziwa kapinga, adali seed wa nambala 8. Amanda Anisimova wa ku America adali wa nambala 13, ndipo adali atangogwetsa Sabalenka mu semifainolo. Ambiri ankayembekezera nkhondo. Swiatek adapambana 6-0, 6-0 m'mphindi 57, zimene zidali zisadachitike mufainolo ya amayi ku Wimbledon chichokereni 1911. Adakhala munthu woyamba wa ku Poland kutenga chikhochi, ndipo kumbukirani kuti ndi yemwe uja adagonja kwa Pegula masabata awiri m'mbuyo mwake.

Anisimova adaima pakati pa bwalo misozi ili chuchuchu, dziko lonse likuonera, n'kuthokoza mayi ake. Mbiri yake ndi yoti muidziwe. Mu 2023 adasiya tenisi kwa miyezi ingapo ponena kuti watopa m'maganizo. Adabwerera mu 2024, ndipo chaka chimenecho adalephera ngakhale kudutsa masewero achipulula olowera Wimbledon. Patangotha chaka adali mufainolo, ndipo fainoloyo idamuchititsa manyazi otere. Pa intaneti adamuseka mpaka kutopa.

Kumayambiriro kwa Seputembala, pasadathe miyezi iwiri, awiriwa adakumananso mu kotafainolo ya US Open ku New York. Anisimova adapambana 6-4, 6-3, ndipo adapitirira mpaka mufainolo, momwe adagonja kwa Sabalenka. Amene adaona 6-0, 6-0 n'kuganiza kuti akumudziwa mtsikanayu adaphonyanso kachiwiri.

Wimbledon ikamadzayambanso kumapeto kwa Juni, musadikire fainolo. Tsegulani foni Lolemba ndi Lachiwiri loyamba, kapinga adakali wobiriwira. Nthawi ya ku London imatsalira ndi ola limodzi lokha pa yathu miyezi imeneyo, ndiye simusowa kuchezera. Musadayang'ane nambala ya pambali pa dzina, fufuzani kuti munthuyo wasewera kangati pakapinga mwezi umenewo, ndipo wachita bwanji.